Mahedifoni Odontha

Loweruka la malipiro ku Nchalo,
dzuwa likuwotcha mpaka phula la msewu kununkha,
ndinaima pa benchi la Zuze
ndi ndalama za kumizimbe, zonyowa ndi thukuta, m'sokosi.
Anali atakoloweka mahedifoni pa misomali
ngati milamba yowamba:
akuda, ofiira, ena owala ngati maso a mphaka.

"Awa alibe waya," anatero Zuze,
"umavina nawo mpaka kubafa."
Ndinamufunsa za batire, ndi magetsi athu aja
amene amabwera ngati mlamu wangongole,
pakati pa usiku, mwakachetechete, n'kuchoka kusanache.
Anaseka, n'kuwabwezera pa msomali.

Ine ndikufuna awaya.
Mu gemu kuchedwa pang'ono ndi maliro:
mdani akaponda kumanzere kwanga
khutu la kumanzere lidziwe pomwepo, osati mawa.
Ndikufuna maiki yoti Tchale ku Bangula
amve ndikamukuwira kuti gona pansi,
osati azimva mbuzi za aneba ndi injini ya kuchigayo.

Ndinayesa ofiira. Bezi yake
inandigwedeza mano ngati thirakitala yokoka mizimbe.
Ndinatsegula pa foni valimba ya malume Fombe
yomwe ndinajambula pa ukwati ku Tengani,
ndipo timitengo tating'ono tija, tolira ngati madontho,
tinamira tonse m'matope.
Ayi.

Ndinayesa achikopa. Mphindi zitatu zokha
makutu anasanduka mbatata yophika.
Amene anawapanga sanatsikepo Thabwa mu Okutobala.

Kenaka Zuze anatulutsa a m'bokosi, odula,
nawapukuta ndi malaya.
"Awa amatseka dziko lonse."
Ndinavala. Sananame.
Msika unazima.
Akabaza ankangoyasama ngati nsomba pamtunda,
mayi wa masau ankakalipa popanda liwu,
lole inadutsa ngati mtambo.
Kunali zii, kokoma ndithu,
koma m'mimba munandizizira.

Ndinakumbuka usiku uja wa Januwale.
Kwathu sikunagwe ngakhale dontho; mvula inagwa kumapiri,
Mwanza n'kubwera mumdima, osaodira.
Chinandidzutsa pa gemu si madzi
koma wenzulo ya munthu wina kutali,
ng'ombe kulira m'khola,
ndi mlongo wanga Rozina akumenya chitseko ndi chigubu.
Laputopu ndinaisenza pamutu, m'beseni,
madzi ali m'chiuno.
Ndikadavala awa usiku umenewo
ndikadawina gemu, mphasa ikuyandama.

Ndinawavula pang'onopang'ono.
Msika unabwerera wonse, ndi ntchentche zake.

Ndinasankha otuwa, osakongola,
a nsalu ya tizibowo yolowa mphepo,
waya wokhuthala ngati chingwe cha mbuzi,
maiki yopindika ngati ndevu ya mlamba.
"Amadontha amenewo," Zuze anachenjeza,
"wapafupi nawe azimva nyimbo zako,
iwenso uzimva zake."
Ndinati ndi omwewo.
Valimba ya malume inamveka yonse, mtengo ndi mtengo,
mpaka chifuwa cha wina wovina kumbuyo.
Tinalimbana za mtengo mpaka mthunzi kusuntha;
anachotsa faifi handede, jumbo n'kundilipiritsa.

Usiku uno neti ndatsitsa, magetsi alipo kaye.
Tchale akundikalipira m'khutu la kumanja
kuti ndachedwa kuwombera,
mapazi a mdani akugogoda pa zitsulo kumanzere,
ndipo kuseri kwa zonsezo, chapansipansi,
achule a kudambo,
udzudzu ukudandaula kunja kwa neti,
Rozina akutsokomola m'chipinda chinacho,
njinga ya mlonda ikupita kuntchito,
ndi mtsinje
uli phee pamalo pake,
lero.